Khutu la a Yakobo

Njinga yamoto inaima pamene phula linathera. Kunja kunali kutada kale. Wakabaza, bambo wandevu wotchedwa Ramadhani, sanazimitse n'komwe injini. Analoza ndi chibwano.

"Njira yake ndi imeneyo, aphunzitsi. Mukamva fungo la utuchi, mwafika. Ine ndibwerere, mafuta ndi ovuta masiku ano."

Hopewell anatsika. Mawondo anali atauma ndi kuzizira. Zaka zonse zimene anakhala ku Mtiya, phiri la Zomba ankangoliona pawindo, ngati khoma la nyumba ya eni. Kukwera pamwamba pake, ayi. Tsono lero anali pamwamba. Mumdima. Atavala nsapato za m'kalasi.

Chifunga chinameza nyali ya njinga ija. Kunatsala iye ndi mitengo ya paini.

Anayatsa tochi ya pafoni. Netiweki inali itamuthawa kalekale, pa makhona oyambirira. Anayamba kuyenda, akuterereka pa masamba onyowa.

Chinamukweza phiri chinali chimodzi. Rosebell, chibwenzi chake.

Nkhani yake inali chonchi. Sukulu yapulaiveti imene Hopewell ankaphunzitsako Chingerezi inatsekedwa. Anazungulira Zomba yense, mapepala ali m'khwapa. Kulikonse yankho linali limodzi: aphunzitsi a Chingerezi achuluka ngati ogulitsa tomato. Kenako bungwe lina la ku Blantyre, lotumiza aphunzitsi kumaiko akunja, linamuitana. Anakhoza mayeso awo. Anamupatsa malo awiri kuti asankhepo amodzi.

Oyamba anali ku Vietnam. Malipiro onona. Zaka ziwiri osaponda kumudzi. Kachipinda ka munthu mmodzi, mkazi osaloledwa.

Achiwiri anali ku Guruwe, m'dziko la Mozambiki, pa sukulu ya pakati pa minda ya tiyi. Malipiro ake osasangalatsa kwenikweni. Koma nyumba ya banja inalipo, ndipo mphunzitsi ankaloledwa kupita ndi mkazi wake.

Mawa lake masana ankayenera kukaima mu ofesi ya bungwelo n'kutchula yekha malo amodzi. Akapanda kuoneka, mwayi upita kwa wina. Mzere wa odikira unali wautali.

Mumtima anali atasankha kale. Guruwe. Tsiku lina, akudya chinangwa chowotcha pa benchi ya kumsika, Rosebell anangonena modutsa kuti kwawo kwenikweni n'ku Guruwe, kumene malemu mayi ake anabadwira. Hopewell anasunga mawuwo ngati mbewu. Ankafuna kudzamudzidzimutsa. Choncho za Guruwe sanamuuze. Anangoti pali mwayi wakunja, zambiri adzamva.

Kelly ndiye anaononga zinthu. Anali mphunzitsi mnzake, wa milomo yofiira, kuseka kwake kofika kutsidya la msewu. Iye anasankha Vietnam osaphethira n'komwe. Tsiku limene anakatenga mapasipoti, anamukoka Hopewell paphewa n'kujambula chithunzi. Madzulo ake chinali pa sitetasi, m'munsi mwake atalemba kuti: "Anthu a ulendo umodzi."

Rosebell anachiona. Sanafunse kanthu. Foni yake inangosiya kuyankha. Anzake a ku shopu imene ankagwirako ntchito anati watenga tchuthi, wakwera kuphiri kwa amalume ake amene anamulera.

Fungo la utuchi linamupeza. Kenako galu.

* * *

Panali nyumba ziwiri zamatabwa ndi shedi yaitali. Lole yodzaza matabwa inaima chapambali, itafundidwa lona. Hopewell anaodira. Anaodiranso. Chitseko chinatseguka, mayi wachikulire wa duku n'kumuunika kumaso ndi nyali. Anamuyang'ana nsapato. Anamuuza kuti alowe asanafe ndi mphepo.

M'katimo munali mbaula pakati, ndi amuna awiri. Woyamba wamfupi, wa mapewa otambalala, chipewa chaubweya chofika m'makutu, dzanja lamanja loperewera chala chimodzi. Sipanafunike womuuza. Amenewa anali a Yakobo, amalume a Rosebell, ocheka matabwa m'phirimo chiyambire unyamata wawo. Galu uja analowa n'kugona pamapazi pawo.

Wachiwiri Hopewell ankamudziwa. Nickson. Mwini lole. Mnyamata wa ku Songani amene ankagula matabwa onse a pakhomopo, ndipo m'tauni ankakonda kuimika galimoto pakhomo la shopu ya Rosebell popanda chogula. Anakhala pampando wa khushoni, miyendo atatambasula ngati ndi kwawo.

"Aphunzitsi," anatero Nickson, akumwetulira. "Mwasochera?"

Hopewell ananjuta, n'kupereka moni ndi manja awiri. Anatchula dzina lake. Anati ndi mnzake wa Rosebell, wa ku Mtiya.

A Yakobo anamulonjera bwino lomwe. Anafunsa za njira, za mphepo, za mvula ya m'tauni. Anauza akazi awo, a Phoebe, kuti mlendo wasochera m'chifunga, amupatse pokhala ndi chakudya. Dzina la Rosebell analidumpha ngati chithaphwi.

Hopewell ankadziwa chifukwa chake. Mwamuna wofuna mbeta sadzilankhulira yekha kwa amalume a mkazi. Amatuma amalume ake, akuluakulu akagogode, akakambirane okhaokha. Ngakhale mwana amadziwa zimenezo. Koma amalume ake a Hopewell, a Winston, anali ku Lilongwe, ndipo nthawi zonse ankati abwera kumapeto a mwezi. Mwezi wake sunkatha. Nthawi tsono inali itamuthera. Panjira anadzilimbitsa mtima kuti mawu osanjidwa bwino amatsegula chitseko chilichonse. Si iye kodi amene ankaphunzitsa ana mtsutso?

Katani ya kuchipinda inagwedezeka. Rosebell anatuluka ndi beseni ndi jagi. Anavala chitenje ndi juzi yaikulu ya amalume ake. Anagwada. Anasambitsa a Yakobo. Anasambitsa Nickson, amene anachedwa dala, akutsuka chala chimodzichimodzi. Pomaliza anafika pa Hopewell. Maso ake anali pa beseni.

"Sambani, alendo."

Madzi anali ofunda. Mawuwo ayi.

Chakudya chinali mbatata ya kachewere ndi kalongonda. Hopewell anameza osamva kukoma. Nickson ndiye analankhula nthawi yonse. Anati wamva kuti masiku ano aphunzitsi akutumizidwa kunja ngati fodya. Anafunsa ngati ku Vietnam Chingerezi chinasowa chonchi mpaka kudzachisaka ku Mtiya. Kenako anatulutsa foni, nati pali chithunzi chokongola chimene mnzake anamutumizira, n'kuipereka kwa a Phoebe.

A Phoebe anachiyang'ana. Anayang'ana Hopewell. Anafunsa ngati mayi wa milomo yofiirayo ndi mlongo wake.

"Ndi mnzanga wa kuntchito, mayi."

"Oho. Kuntchito kwanu mumagwirana m'mapewa."

Mbale zitachotsedwa, Hopewell anakonza pakhosi.

"Bambo, pepani kuti ndabwera mwa njira imeneyi. Ndili ndi mawu okhudza Rosebell."

A Yakobo anaweramira galu wawo n'kumukanda kuseri kwa khutu.

"Mudzatopa," anatero, akutchula dzina la galuyo, "mphepo yakula lero. Ikulira m'malata ngati munthu."

Nickson anabisa kuseka m'kapu ya tiyi.

Hopewell anapitiriza. Anati cholinga chake n'chabwino. Amalume ake abwera ndithu. Wangopanikizika ndi nthawi, chifukwa mawa akuyenera kukasankha malo a ntchito yakunja, ndipo sangasankhe asanadziwe maganizo a eni mbumba.

"Mudzatopa, tandiuza. Masiku ano anthu akumera okha ngati bowa? Opanda amalume, opanda kwawo?" A Yakobo anapukusa mutu. "Ine khutu ili linagontha ndi macheka. Pakhomo panga pano limangomva akuluakulu anzanga."

Apa munthu wanzeru akanakhala chete. A Phoebe anamuyang'ana ndi maso omupempha kuti atero. Kuseri kwa katani kunamveka supuni ikugwa. Koma Hopewell anali ndi mphatso yake, imene anaisunga nthawi yonseyi. Ankakhulupirira kuti ikangotuluka, nkhope zonse ziwala.

"Sindikumutengera kutali, bambo. Ku Vietnam sindikufunako. Ndasankha ku Mozambiki. Ku Guruwe. Kwanu kwenikweni. Ndikufuna ndimubwezere kwawo."



Dzanja la a Yakobo linaima pamutu pa galu. Makala anathetheka m'mbaula. A Phoebe anagwira pakamwa. Ngakhale Nickson anabweza miyendo yake.

A Yakobo anaimirira pang'onopang'ono. Sanayang'ane munthu.

"Mayi, mlendo mumuyalire ku shedi. Mlendo ndi mame." Anafika pa khomo la kuchipinda, n'kuima. "Ine sindinamve kanthu."

* * *

Nickson ndiye anamuperekeza ku shedi, bulangete lili paphewa, akuimba kamluzu. Anamuonetsa mulu wa matabwa osalala woti agonepo. Anamuchenjeza za utitiri wa galu. Kenako anatsamira pamzati.

Anati asadandaule za ulendo wa mawa. Lole inyamuka m'bandakucha kupita ku Blantyre, ndipo kuphiri kuno nthawi imeneyo galimoto ina kulibe. Amutenga mwaulere. Pamwamba pa matabwa malo ndi ambiri.

"Munthu wopita kunja timamuthandiza," anatero. "Makamaka wopita kutali."

Hopewell anathokoza ndi mano okha.

"Ine sukulu ndinalekeza panjira, aphunzitsi. Chingerezi changa n'choimitsira galimoto pa rodibuloko. Koma amalume anga anabwera pano mwezi watha. Atavala majekete. Anakhala pampando uja, analankhula, anamvedwa. Ine pakamwa panga sindinatsegulepo ngakhale kamodzi." Anayatsa ndudu. "Yankho tikudikira. Mwina mwatifulumizitsira."

Anapita kukagona m'lole yake.

* * *

Tulo sitinabwere. M'nyumba wailesi inali ikunenabe nkhani za madzulo. Hopewell anatuluka, foni ili m'mwamba, kusaka netiweki. Kuseri kwa shedi, pafupi ndi lole, panali chitsa chachikulu cha paini, pamwamba pake posalala ndi mapazi a anthu. Anakwerapo. Timizere tiwiri tinatulukira pafoni.

Anayamba waimbira a Winston. Inaitana nthawi yaitali. Atayankha, kumbuyo kunkamveka nyimbo ndi mabotolo. Anati mphwanga usade nkhawa, kumapeto a mwezi ndili komweko. Hopewell anawauza kuti zinthu zavuta, wakwera yekha kuphiri ndipo walankhula.

"Wapita wekha? Ngati nkhuku yopanda mwini? Iwe mwana wa mlongo wanga, sukulu yonse ija inakuthandiza chiyani?"

Foni inaduka. Pompo mameseji anayamba kugwa. Onse anali a Kelly.

"Uli kuti? Ku ofesi akuti a ku Vietnam atsala malo amodzi."

"Ndawauza kuti ndi ako. Usandichititse manyazi."

"Hope, ku Mozambiki ukadya chiyani? Masamba a tiyi?"

"Wa kuphiriyo akudikira ngati amakukonda. Akapanda kudikira, wadziwiratu."

Mawu anamveka m'munsi mwake.

"Akuti bwanji a ulendo umodzi?"

Anatsala pang'ono kugwa pachitsa. Rosebell anaima pamenepo, atafunda chitenje kumutu, m'manja muli ndowa yopanda kanthu. Anali atatsanzika kuti akukatunga madzi a m'mawa kumpopi.

Hopewell anatsika. Anamupatsa foni kuti awerenge yekha. Rosebell anawerenga onse, mpaka pansi, nkhope yosasintha. Anabweza.

Hopewell anamulumbirira kuti pakati pa iye ndi Kelly palibe kanthu. Pa chithunzi chija anangokokedwa. Rosebell anati zimenezo anazidziwa tsiku lomwelo. Kelly amatero ndi mwamuna aliyense amene waima pafupi. Chimene chinamupweteka n'chakuti Zomba yense anadziwa za ulendo wa chibwenzi chake pa sitetasi ya mkazi wina, mwini wake akungouzidwa kuti zambiri adzamva.

"Ndimafuna ndikudzidzimutse."

"Wakwanitsa. Nyumba yonse yadzidzimuka."

"Unandiuza wekha kuti kwanu n'ku Guruwe."

"Ndinakuuza kumene amayi anabadwira. Unandifunsa kuti anachokako bwanji?"

Sanamufunse.

Rosebell anaika ndowa pansi. Analankhula motsitsa, akuyang'ana kunyumba. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, a Yakobo anali mnyamata. Tsiku limene mudzi wawo unatenthedwa, iwo anali kumtsinje ndi mlongo wawo wamng'ono. Anamubereka kumbuyo n'kuthawa. Anayenda m'tchire mpaka kulowa m'Malawi. Onse amene anatsala kumudzi, mayi awo, abale awo, sanamvekenso. Mlongo uja ndiye anadzakhala mayi a Rosebell. Atamwalira, a Yakobo anaima pamanda n'kunena pamaso pa anthu kuti dziko lija linadya okwanira. Mwa mbumba yawo palibe adzapondekonso.

"Mbumba yawoyo ndi ine, Hope. Ndinatsala ndekha. Dzina lija m'nyumba muja silitchulidwa. Wailesi ikangogwira siteshoni ya kumeneko, amazimitsa. Ndiye iwe wabwera mumdima, wekha ngati mfiti, n'kuwauza kuti ukufuna kundibwezera."

Hopewell anakhala pachitsa. Kuzizira kunalowa m'mafupa.

Anati ndiye asankhe Vietnam. Zaka ziwiri si zambiri. Adzabwera ndi kanthu m'manja, amalume sadzakhala ndi chonena.

Rosebell anaseka kuseka kouma.

"Amalume angakonde zimenezo. Nickson angakonde koposa. Nickson ndingamukane mwezi uno. Ndingamukane mwezi wamawa. Koma zaka ziwiri? Ndikudya m'nyumba imene chakudya chake chimabwera pa lole yake? Iwe uli kutsidya la nyanja, khomo loyang'anizana ndi Kelly? Usandiyese, Hope. Ukakatchula Vietnam, nambala yanga ufufute."

"Nanga ndikakana zonse?"

"Ubwerere ku Mtiya kukayang'ana kudenga? Amalume apereke mwana wawo kwa lova, wa lole ali pakhomo?"

Apa Hopewell anagwira njakata. Anafunsa funso limene ankaliopa. Kodi iye mwini, Rosebell, ku Guruwe angapite?

Chifunga chinkadutsa pakati pawo.

"Ndingapite," anatero Rosebell. "Ndakhala ndikufuna kukaona phiri limene amayi ankalitchula m'nyimbo zawo akamachapa. Sindinauzepo munthu. Koma sindituluka pawindo ngati wakuba. Munthu uja anabereka amayi kumbuyo. Anandibereka ine. Ndikamachoka pano, ndichoke atandilola."

"Akulola bwanji, ine nditaononga kale?"

Rosebell anamuyandikira. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, anamuyang'ana m'maso.

"Wamva zimene anena pomaliza? Akuti sanamve kanthu. Si mwano chabe umenewo. Mawu a munthu wopanda amalume pakhomo pano sawerengedwa. Ndiye kuti nkhani ya Guruwe sinafike. Akanati amva, akanayenera kuyankha pompo, ndipo yankho lake ukulidziwa. Mpata wathu ndi umenewo. Wina kulibe."

Anamuuza chochita. Mawa apite ku Blantyre, akatchule Guruwe mwakachetechete. Akatuluka mu ofesi, akwere basi ya ku Lilongwe. A Winston akawagwire pamkono, kaya mwezi watha kaya sunathe. Abwere nawo kuno atavala jekete. Akuluakulu ali ndi njira zawo zozungulira nkhani yowawa. Amayambira pa mvula, n'kudzera ku maliro, pofika pa dzina lija mtima utafewa. Angathe kupempha kuti a Yakobo adzapite nawo, akapemphere pamene panali mudzi wawo. A Phoebe athandiza. Akhala akunena kwa zaka kuti bala lobisa silipola.

"Chachikulu n'chakuti dzina lija alimve kuchokera pakamwa pa a Winston. Osati pako. Akalimvanso kwa iwe, n'kuvomera kuti amva, kwatha."

Hopewell anamugwira dzanja. Linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Rosebell sanalichotse. Anatsamiritsa mutu pachifuwa pake, kamphindi kochepa, n'kumuuza kuti wayamba kale kununkha utuchi ngati mkamwini wa pakhomopo. Hopewell anavula jekete n'kumufunditsa. Anakana. Anamuumiriza. Rosebell anatola ndowa yake n'kulowera kumpopi, jekete ili pamapewa.

Hopewell atatembenuka, anaona kadontho kofiira ka ndudu m'lole. Kanawala, n'kuzirala. Windo la lole linali lotsitsa.

* * *

Injini inamudzutsa kusanache. Anatuluka akunjenjemera, ali m'malaya okha. Chifunga chinali chitakhuthala kuposa dzulo. Nickson ankamanga zingwe za lona, akuimba kamluzu komwe kaja.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Kwerani pamwamba. Kutsogolo kwadzaza."

Hopewell anayang'ana kutsogolo kwa lole. Pampando wa pawindo panakhala munthu. Jekete yakuda ya kutchalitchi. Tayi. Chipewa chaubweya chofika m'makutu.

A Yakobo.

Anayandikira n'kupereka moni. A Yakobo anayankha mwaulemu wonse, maso ali kutsogolo. Anati nawonso ali ndi kaulendo ka ku Blantyre. Papita nthawi asanaone tauni. A Nickson anawagogodera dzulo n'kuwauza nkhani yosangalatsa ya pachitsa, ndiye tulo tinawathera.

Pakhonde panaima Rosebell, tsache lili m'manja. Sankasesa. A Phoebe anali kumbuyo kwake, atamugwira pamkono.

Galu anabwera kudzanunkhiza tayala. A Yakobo anasuzumira pawindo.

"Mudzatopa, utsale ulonde pakhomo. Ine ndikuperekeza mlendo ku ofesi yake. Ndikufuna ndikaime pambali pake pamene akutchula dziko." Anavula chipewa chija n'kuchipinda pabondo. Makutu awo anaonekera poyera. "Pakhomo panga khutu ili silimva mlendo. Koma ku Blantyre si pakhomo panga."

Kenako anatembenukira kwa Nickson, amene anali atakhala kale pa chiwongolero.

"Ndikakalimva dzina lija ndi khutu langa, a Nickson, pobwerera musadzakhotere kuphiri. Mudzapitirire nane ku Songani. Amalume anu adikira yankho mokwanira."

Nickson analiza hutala.

Hopewell anakwera pamwamba pa matabwa. Lona inali yonyowa ndi mame. Anagwira chingwe. Lole inagwedezeka, n'kuyamba kutsetsereka.

Anayang'ana kumbuyo. Rosebell anali atapulumuka m'manja mwa a Phoebe. Anaima pa chitsa chija, jekete ya Hopewell ili pamapewa, foni ili m'manja, akulemba mofulumira. Chifunga chinamumeza.

Foni ya Hopewell inalibe netiweki. Anaigwira m'mwamba ndi dzanja limodzi, lina lili pa chingwe. Lole inakhota, inakhotanso, mabuleki akulira. Mphepo inamutulutsa misozi. Pamene madenga a Zomba anayamba kuoneka m'munsi, foni inanjenjemera kamodzi.

Anali Kelly.

"Ndanyamuka kale. Tikumane pakhomo la ofesi. Mpando wako ndasunga."

Meseji ya Rosebell inali isanafike.

Anayang'ana pansi, pa galasi la m'mbali mwa lole. Nkhope ya a Yakobo sinkaonekamo. Munkaoneka khutu lokha.